Makadi apakatikati pa blind: tilowe nawo kapena titaye?

Kamtedza88

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru pa nkhani ya ma blind, ndalama zomwe osewera awiri amakakamizidwa kuika makadi asanagawidwe, wina small blind, wina big blind. Ndikunena poker ya no-limit hold'em, tebulo la anthu 6, aliyense ali ndi ma big blind 100. Makadi akuluakulu ngati AK kapena QQ savuta, zinyalala ngati 72 nazonso sizivuta. Mutu umaima pa apakatikati awa: K7, Q8 ndi J6 a mtundu umodzi (monga onse awiri mitima), 97 ndi A4 a mitundu yosiyana, komanso ma pair ang'onoang'ono ngati 33. Ena amati pa big blind unaika kale ndalama ndiye uziiteteza, ena amati ukalowa ndi makadi oterewa ukungonenepetsa wa pa button, mpando wolankhula pomaliza makadi apakati akatuluka. Zoona ndi ziti? Nanga pa small blind ndi pa big blind kasewero kake n'kamodzi? Ngati n'kotheka mundipatse manambala, osati yankho lakuti "zimatengera".

WaMasamu

Achimwene, choyamba chotsani m'mutu mawu akuti "ndinaika kale". Blind ikangofika pakati si yanunso, ndi ya pot, ndalama zapakati zomwe mukulimbirana. Chomwe imakuchitirani n'chimodzi basi: imatsitsa mtengo wolowera. Ndiye musamadzifunse kuti nditeteza bwanji ndalama yanga, muzidzifunsa kuti pa mtengo uwu makadi awa abweza zingati.

Tiwerenge. Ndizilemba bb m'malo mwa big blind, s pa makadi a mtundu umodzi, o pa a mitundu yosiyana. Wa pa button wakweza kufika 2.5bb, wa small blind wataya. Pakati pali 2.5 ndi 0.5 ndi 1 yanu ija, zonse 4bb. Inu mukawonjezera 1.5bb pot ifika 5.5bb. Gawani 1.5 ndi 5.5, mupeza 27.3%. Akakweza kufika 2bb yokha mumalipira 1 kuti pot ikhale 4.5, ndiye 22.2%. Akafika 3bb mumalipira 2 kuti ikhale 6.5, ndiye 30.8%. Theka la blind limaoneka laling'ono koma limasuntha makadi ambiri zedi, n'chifukwa chake muziyamba mwayang'ana kukula kwa raise musanakondwere ndi makadi anu.

Tsono posokera anthu ndi apa. Ngakhale 72o imapambana pafupifupi 35% ikakumana ndi makadi awiri ongotola, ndiye wina akaona 27.3% amati basi, chilichonse n'cholowa nacho. Ayi ndithu. Wa pa button sanangotola makadi ake, wasankha. Komanso manambala amenewo amagwira ntchito pokhapokha makadi onse 5 apakati atatsegulidwa popanda wina kubetchanso, zomwe sizichitika pa tebulo. Inu ndi amene mumayamba kulankhula pa flop (makadi 3 oyamba apakati), pa turn (lachinayi) ndi pa river (lachisanu), mnzanuyo amayamba waona zomwe mwachita. Makadi awiri osafanana amagwira pair pa flop 32.4% yokha. Maulendo awiri mwa atatu mulibe kanthu, iye akabetcha mutaya, ndipo mwa makadi otayawo muli ena omwe akanapambana mukanafika pa river.

Choncho mwayi wa papepala simukolola wonse. Tiyerekeze kuti makadi anu amakolola 80% ya mwayi wawo: 27.3 kugawa ndi 0.8 ndi 34%. Akamakolola 70% yokha, mufunika 39%. Nkhani yonse ya makadi apakatikati yagona pamenepa. Makadi a mtundu umodzi amangoposa anzawo a mitundu yosiyana ndi 3% kapena 4% pa mwayi wa papepala, koma amakolola bwino kwambiri chifukwa amakupatsani chifukwa chopitirizira. Amagwira flush draw (makadi anayi a mtundu umodzi, lotsala limodzi kuti akwane asanu a flush) pa flop 10.9%, ndipo ngakhale khadi limodzi lokha la mtundu wanu likatuluka mumakhala ndi poyambira. Ogundizana ngati 98 kapena 87 nawonso amatero ndi ma straight draw (straight ndi makadi asanu otsatizana). Koma K4o kapena J3o ikaphonya yaphonya, ikagwira imagwira pair yomwe simungaidalire.

Pa makadi mwatchulawo, wa pa button atakweza 2.5bb: K7s, Q8s ndi J6s lowani nawo osakayika, 33 chimodzimodzi. 97o ndi A4o ali m'malire, pa 2bb lowani, pa 3bb tayani, pa 2.5bb yang'anani munthuyo ndi rake, gawo lomwe nyumba imadula pa pot. Akakweza ndi woyamba kulankhula pa tebulo zinthu zimatembenuka. Wa pa button amatsegula ndi makadi pafupifupi 40% mpaka 45%, pomwe woyambayo amatsegula ndi 15% mpaka 18%, ndipo m'gulu lakelo mwadzaza AK, AQ, KQ ndi ma pair akuluakulu. K7 ikakumana ndi KQ imapambana pafupifupi kamodzi mwa kanayi, A4 ikakumana ndi AK chimodzimodzi. Pamenepo 97o, A4o ndi J6s n'zotaya, K7s ndi 33 mukhoza kulowa nazo.

Chomaliza, musadabwe mukaona kuti pa big blind mukuluza. Aliyense amaluza pamenepo, ngakhale akatswiri. Mukamataya nthawi zonse mumaluza 1bb ulendo uliwonse, ndiye 100bb pa maulendo 100. Call (kulowa osakweza) yomwe imakusiyani mutaluza 0.8bb pa avareji ndi yabwino kale kuposa kutaya.

Nambewe_SB

A WaMasamu afotokoza bwino za big blind, koma a Kamtedza musatenge manambala amenewo n'kupita nawo pa small blind. Ndi mpando wina, ndipo ndi woipitsitsa pa tebulo lonse.

Raise yomweyo ya 2.5bb, inu muli ndi 0.5bb pakati, ndiye mulipira 2bb kuti pot ikhale 6bb ngati wa big blind ataya. Imeneyo ndi 33.3%, osati 27.3%. Vuto lachiwiri n'lakuti simukutseka kubetcha, kumbuyo kwanu kudakali munthu. Akaona mwangopanga call amadziwa kuti AA kapena KK mulibe, chifukwa mukanakweza. Iye amakweza kufika 12bb kapena 13bb, inu mutaya, 2.5bb yapita flop musanaione n'komwe. Akapanda kukweza amalowa motchipa, ndiye mukusewera ndi anthu awiri ndipo onse amalankhula pambuyo panu.

N'chifukwa chake osewera ambiri odziwa, pa tebulo la ndalama, amasewera small blind ndi njira ziwiri zokha: 3-bet (kukwezanso pamwamba pa raise) kapena kutaya. Kukula kwake kukhale pafupifupi kanayi ka raise, 10bb pa 2.5bb. Osachepetsa kufika 7bb ngati mmene mungachitire mutakhala pa button, chifukwa mumupatsa mtengo wabwino munthu yemwe azilankhula pomaliza mpaka pa river. Mukaika 10bb mwawonjezera 9.5 kuti mutenge 4, ndiye kuti mupindule nthawi yomweyo pafunika onse awiri azitaya maulendo oposa 70 pa 100. Sataya chotere kawirikawiri, choncho makadi anu ayenera kukhala otha kumenya nkhondo akakutsatirani.

Ndiye sankhani bwino. A5s ndi A4s ndi abwino pa ntchito imeneyi. Mukagwira A mmodzi, njira zomwe mnzanu angakhalire ndi AA zimatsika kuchoka pa 6 kufika pa 3, za AK kuchoka pa 16 kufika pa 12, ndipo inu mukhoza kupanga flush yaikulu kuposa zonse kapena straight ya A mpaka 5. KTs, QTs, JTs ndi T9s (T ndi 10) nawonso amalowa. Koma Q8s, J6s, 97o, A4o, onsewa pa small blind ndi otaya, K7s nayonso nthawi zambiri. Zimawawa kutaya makadi omwe mpando wotsatira mukanalowa nawo, koma kutaya pamenepa kumangokudyerani 0.5bb.

Pali pomwe call imaloledwa: wa big blind akakhala munthu wofatsa yemwe sakweza popanda QQ kapena kuposa, kapena akakhala wosadziwa kusewera ndipo mukumufuna mu pot. Pamenepo 33 mpaka 66 ndi makadi ogundizana a mtundu umodzi akhoza kungolowa.

Onse akataya n'kutsala inu ndi big blind, ndi nkhani inanso. Kukwaniritsa blind kumafuna 0.5bb kuti pot ikhale 2bb, ndiye 25%. Kukweza kufika 3bb ndi kuika 2.5 kuti mutenge 1.5, pafunika azitaya 62.5%. Mukasankha njira yokwaniritsa muzikwaniritsanso ndi makadi ena amphamvu, apo ayi wa big blind azingokukwezerani ulendo uliwonse. Kwa amene akuphunzira, kukweza kapena kutaya n'kosavuta kusunga. Ndipo mukakhala inu pa big blind wa small blind n'kukweza 3bb, mtengo ndi 33.3% koma ulendo uno wolankhula pomaliza ndinu, ndiye 97o ndi A4o zija zimalowa bwinobwino.

Chidzanja

Zonsezi n'zoona, koma ine ndikuona kuti akuluwa akukupatsani theka la nkhani. Ndalama zambiri pa blind sizitayika pa 1.5bb yolowera ija, zimatayika flop ikatuluka. Makadi apakatikati ali ngati nsapato yotchipa yothina, pogula mumaseka, poyenda ndi pamene mumamva.

Taonani K7s, mwalowa pa big blind, pot 5.5bb, kumbuyo muli ndi 97.5bb. Flop yatuluka K-9-4. Mwapanga check (kudutsa osabetcha), iye wabetcha 1.8bb, mwalowa, pot 9.1bb. Turn 2, wabetcha 6.8bb, mwalowa, pot 22.7bb. River J, wabetcha 17bb. Mukalowanso ndiye kuti kuyambira pa call yoyamba ija mwaika 27bb pa pair imodzi ya kicker (khadi lanu linalo, apa 7) yofooka. Pa river pafunika muzipambana 30%. Dzifunseni kuti munthu ameneyu amabetcha katatu ndi chiyani. AK, KQ, KJ, KT, 99, 44, QT yomwe yangopanga straight, zonsezi zakuposani. Mukuposa bluff yokha, kubetcha konamizira alibe kanthu. Ngati ndi munthu woti sachita bluff katatu, ndipo pa matebulo ang'onoang'ono otere ndi ambiri, tayani pa river mtima uli m'malo. Pair yapamwamba ya kicker yofooka ndi ya kulipira kawiri, kachitatu muzifuna chifukwa chenicheni.

Kulakwitsa kwina ndi kwa mbali inayo, kulowa ndi makadi ambiri kenako n'kumataya pa flop iliyonse yomwe simunagwire pair. Bet ya 1.8bb mu pot ya 5.5bb imafuna mukhale ndi 20% yokha kuti mupitirize, ndipo iye imamupindulira mukamataya kuposa kamodzi mwa kanayi. Simungafike potaya 25% yokha, makadi anu ndi ofooka kuposa ake ndipo palibe cholakwika pamenepo. Koma mukamataya maulendo 6 mwa 10, bola mukanataya flop isanatuluke. Mwachitsanzo Q8 ya mitima pa J-7-3 pomwe pali mtima umodzi: mulibe pair, koma Q ikuposa makadi onse apakati, mitima iwiri ikabwera motsatizana muli ndi flush, T ndi 9 zikabwera muli ndi straight. Pa bet yaing'ono ija lowani. Pa bet ya 4bb tayani. Mtengo umakwera chonchi: theka la pot limafuna 25%, magawo awiri mwa atatu 28.6%, pot yonse 33.3%.

Ndipo muzikweza. Munthu wongopanga check ndi call pa big blind ndi wokoma kusewera naye. 97 pa K-8-6 muli ndi 6-7-8-9, mukufuna 5 kapena T, makadi 8. Amabwera 17% pa turn, 31.5% pofika pa river. Wabetcha 1.8bb, inu kwezani kufika 6bb kapena 6.5bb. A-T, Q-J ndi ma pair ang'onoang'ono ake ambiri ataya pomwepo, akakutsatirani mudakali ndi makadi 8 aja. Chitani chimodzimodzi mukagwira 88, 66, K8 ndi 86, kuti asadziwe ngati mukunama kapena ayi.

Za rake a WaMasamu angoikhudza. Pa matebulo ang'onoang'ono a pa intaneti nyumba imadula pafupifupi 5% ya pot mpaka pa malire ena, ndipo malo ambiri sadula flop ikapanda kutuluka. Pot ya 5.5bb ikadulidwa 5% imatsala 5.2bb, ndiye 27.3% ija yakwera kufika 28.7%, ndipo kudula kumapitirira pa ndalama zonse zomwe zilowe pambuyo pake. Makadi a m'malire phindu lawo ndi kachidutswa ka blind, rake imakadya konse. Ndiye ine 97o ndi A4o pa 2.5bb ndinganene kuti tayani ngati mukusewera pa ndalama zing'onozing'ono. Matchati a mapulogalamu ngati PioSOLVER kapena GTO Wizard amawerengedwa poganiza kuti mukasewera flop, turn ndi river ngati makina. Ngati simunafike pamenepo, dulani makadi a m'mphepete mwa tchaticho.

Kamtedza88

Zikomo kwambiri nonse, zayamba kumveka. Mafunso awiri otsala. Wina akakweza, wachiwiri n'kulowa, ine pa big blind mtengo umatsika, eti? Ndiye ndizilowa ndi makadi ambiri? Nanga mu tournament momwe muli ante, ndalama ina yokakamizidwa pamwamba pa ma blind?

WaMasamu

Mtengo umatsikadi. Raise ya 2.5bb, wa pa button walowa, small blind wataya: pakati pali 6.5bb, inu mulipira 1.5bb, pot 8bb, ndiye 18.8%. Koma tsopano mukulimbana ndi anthu awiri, ndipo makadi omwe anali ndi 38% pa munthu mmodzi amatsika mpaka cha m'ma 20. Choipa kwambiri n'chakuti wolowa wachiwiriyo amakonda kukhala ndi makadi ngati KJ, QT, AT, 98s, omwe amapondereza anu aja. K7o, Q8o ndi A4o zikagwira pair pa anthu atatu nthawi zambiri zimakhala zachiwiri. Ndiye makadi a mitundu yosiyana muwachepetse kuposa mmene mukanachitira pa munthu mmodzi. Omwe amakwera mtengo ndi otha kupanga chinthu chachikulu: ma pair, A wa mtundu umodzi ndi mnzake, ogundizana a mtundu umodzi. J6s samalani nayo, flush yake ikakumana ndi ya K kapena ya A mumasiya mulu wonse.

Ma pair ang'onoang'ono ali ndi masamu awoawo. 33 imagwira set (ma 3 atatu) pa flop 11.8%, kamodzi mwa maulendo 8.5. Pa 1.5bb iliyonse pafunika muzitenga zoposa 11bb mukagwira, ndipo poti si nthawi zonse amakulipirani, anthu amafuna kuti kumbuyo kukhale ndalama zochuluka maulendo 15 kuposa call. Pa 1.5bb ndi 22.5bb, ilipo yambiri. Koma musatengere zimenezi ku pot ya 3-bet. Mukafunika kulipira 8bb, maulendo 15 ndi 120bb, ndipo mulu wanu sufika.

MlondaWaUsiku

Za tournament ndiyankhe ine. Masiku ano malo ambiri ante imaikidwa ndi wa big blind yekha, 1bb, ndipo anthu amatsegula ndi 2bb kapena 2.2bb. Pa 2bb pakati pali 2, 0.5, 1 ndi 1, zonse 4.5bb, inu mulipira 1, pot 5.5bb, ndiye 18.2%. Pa 2.2bb ndi 20.3%. Rake ya pot iliyonse kulibe, munalipira polowa. Pa mtengo umenewu, wotsegula akakhala pa button kapena pafupi napo, pafupifupi makadi onse a mtundu umodzi amalowa, ngakhale 84s ndi J3s, pamodzi ndi 97o, K7o, A4o ndi Q8o. Zomwe a Chidzanja akuti tayani pa tebulo la ndalama, kuno kuzitaya ndi kuwononga. Ante yomwe mwaikayo musaiwerengere ngati mbali ya call yanu, ndi ndalama yakufa ngati ya wina aliyense.

Mulu ukachepa makadi apakatikati amasewereka mosavuta. Mwalipira ante, muli ndi 20bb kuphatikiza blind, mwalowa, pot 5.5bb, kumbuyo 18bb. K7 pa K-9-4 ija siifunanso kusinkhasinkha katatu, check kenako kukweza, ndipo mukhoza kupita nazo zonse. Kulankhula koyamba sikupweteka kwambiri chifukwa kubetcha kumatha msanga.

Pa 15bb pali chida china, kukankha zonse flop isanatuluke. Mwalipira ante, mwatsala ndi 15bb kuphatikiza blind. Wa pa button watsegula 2bb. Mukakankha mukuika 14bb zatsopano. Akataya mwatenga 4.5bb, pafupifupi gawo limodzi mwa atatu a zomwe munali nazo kumbuyo, popanda kuonetsa makadi. Akalowa pot ndi 31.5bb, ndipo ngati muli ndi 35% mumabweza 11bb, mwaluza 3bb pa avareji. Kuti zikwanirane pafunika azitaya maulendo 40 pa 100 basi. Munthu wotsegula ndi 45% ya makadi n'kumalowa ndi 15% yokha amataya maulendo awiri mwa atatu. Zokankha bwino ndi 33, 44, A4o, A5s ndi ena otere, makamaka ma pair ang'onoang'ono ndi A wofooka, chifukwa amenewa ndi omwe amavuta kusewera pa flop. Q8s ndi 97s zimasewera bwino pa call, musaziwononge.

Chenjezo limodzi: mukayandikira pomwe mphoto zimayambira, kapena pa tebulo lomaliza, chip yotaya imapweteka kuposa mmene chip yopeza imathandizira. Wotsegula akakhala ndi mulu woposa wanu ndipo pali ena otsala pang'ono kutuluka, makadi a m'malire onse aja achotseni, pa call ndi pa kukankha pomwe.

Nambewe_SB

Ndiwonjezere kamodzi pa za flop. Lamulo lakuti wa big blind azipanga check nthawi zonse kwa amene anakweza ndi labwino pa ma flop ambiri, makamaka okhala ndi A kapena K, koma si onse. Pa 6-5-4, wotsegula ali mpando woyamba, iye wadzaza ndi AK, AQ, KQ ndi ma pair akuluakulu. Inu ndi amene muli ndi 87, 65, 54, 64 ndi 76 zambiri. Flop yotere wodziwa kusewera sabetcha kawirikawiri, amapanga check kuti aone turn mwaulere. Pamenepo mukhoza kuyamba ndinu, pang'ono, 1.5bb mpaka 2bb mu pot ya 5.5bb, ndi makadi osakaniza: straight, ma pair awiri, pair ndi draw, ngakhale A7 kapena K3s. Pa 7-6-5 ndi 5-4-3 chimodzimodzi. Khadi lapamwamba pa flop likangofika 9 kapena T, bwererani ku check, chifukwa pamenepo makadi ake ayambanso kugwira.